Foni payokha sitsogolera ntchito: phunziro lochokera kumakiliniki a m'midzi

Mvula ikagwa yambiri kumapiri a ku Ntcheu, mtsinje wa Rivirivi suchedwa kudzaza. Mu 2003 madzi ake adakokolola mlatho wa njanji, ndipo dzinja likafika anthu a m'midzi ya m'mbali mwake, m'boma la Balaka, amavutika kuwoloka kuti akafike kuchipatala. Mwana akatentha thupi nthawi yotere, thandizo lapafupi ndi mlangizi wa zaumoyo, amene ambiri amangoti HSA, pamodzi ndi bokosi lake la mankhwala.

Mlangiziyu amagwira ntchito payekha. Womuyang'anira ali kuchipatala chaching'ono, akuluakulu ena ali kuboma, ndipo pamatha masabata asadaonane. Nanga munthu amatsogolera bwanji antchito amene sawaona tsiku ndi tsiku? Makampani a ku London ndi Johannesburg adayamba kulimbana ndi funsoli mu 2020, Covid-19 itakakamiza antchito awo kugwirira ntchito kunyumba. Azaumoyo kuno kwathu akhala nalo kwa zaka zambiri, ndipo yankho likalakwika wovutika ndi mwana.

Ntchito ya kutali ndi maso a bwana

Mu 2008 Unduna wa Zaumoyo udayamba kuphunzitsa alangizi kuti azithandiza ana a miyezi iwiri mpaka osakwana zaka zisanu m'makiliniki a m'midzi, makamaka kumadera otalikira chipatala. Amayeza malungo ndi kupereka LA, amapereka Thanzi ORS ndi zinki kwa mwana wotsekula m'mimba, komanso mankhwala a chibayo. Cholinga cha boma n'chakuti mlangizi mmodzi azisamala anthu 1,000, ngakhale kuti m'madera ambiri amasamala ochuluka kuposa pamenepa.

Chidavuta msanga ndi mankhwala. Mlangizi ankalemba papepala zomwe zatsala, n'kupalasa njinga kukapereka kuchipatala chaching'ono. Nthawi zina ankapeza kuti mankhwalawo kulibe, kapena wosunga makiyi watuluka. Tsiku lonse latha, kiliniki ili yotseka, bokosi likadali lopanda kanthu. Akuluakulu kuboma ankamva za kusowako mochedwa.

Uthenga wa pafoni

Mu 2011 Unduna, mothandizana ndi bungwe la JSI, udayambitsa njira yotchedwa cStock. Inkagwira ntchito pa foni wamba, yosafuna intaneti. Mwezi uliwonse mlangizi ankatumiza uthenga wonena kuchuluka kwa mankhwala omwe watsala nawo. Kompyuta inkawerengera omwe akufunika kuwonjezera, n'kutumiza uthenga kuchipatala chaching'ono. Kumeneko ankalongedza, kenako ankamudziwitsa kuti katundu wakonzeka. Iye ankanyamuka akudziwa kuti sabwerera chimanjamanja. Mankhwala akatsala pang'ono kutha mwezi usanathe, ankatumiza uthenga wa mwadzidzidzi. Akuluakulu kuboma ankaona zonsezi pa kompyuta.

Njirayi idayesedwa m'maboma asanu ndi limodzi, omwe adagawidwa pawiri. Ku Machinga, Mulanje ndi Nkhata Bay, alangizi adalandira cStock komanso maphunziro a kasamalidwe ndi kakonzedwe ka njinga. Ku Kasungu, Nkhotakota ndi Nsanje adalandira cStock yomweyo, koma adawonjezerapo magulu okumana pamasom'pamaso. Mwezi ndi mwezi alangizi ankakhala pansi ndi ogwira ntchito pachipatala chaching'ono, ndipo pa miyezi itatu iliyonse kunkakhala msonkhano wa kuboma. Ankaona manambala limodzi, kufunsana chomwe chavuta, kulemba zomwe agwirizana ndi kuyamikira amene achita bwino.

Zotsatira, zomwe zidasindikizidwa mu 2014, zidasonyeza kusiyana kwakukulu. Kumaboma a magulu, alangizi 94 pa 100 alionse ankatumiza malipoti, pomwe kumaboma enawo adali 79. Kudikira mankhwala kunkatenga pafupifupi masiku 13 kumaboma a magulu, koma kwinako masiku 26. Nakonso kutha kwa mankhwala m'mabokosi kudali kochepa komwe anthu ankakumana. Foni idali imodzimodzi, netiweki yofanana. Chidasiyanitsa n'chakuti kwina uthenga unkafika kwa munthu woti auwerenge, ayankhe, ndipo mwezi wotsatira afunsidwe chomwe adachitapo. Unduna udafalitsa cStock pamodzi ndi maguluwo m'maboma onse.

Phunziro lake ndi losavuta kumva. Munthu amene amatumiza lipoti mwezi ndi mwezi koma osayankhidwa amatopa, kenako amaleka. Amene akudziwa kuti manambala ake akakambidwa pagulu, ndipo vuto lake likapezeredwa njira, amatumiza nthawi yake.

Zomwe foni singaone

Pali ntchito zina zomwe uthenga sungasonyeze. Kuti adziwe ngati mwana wotsokomola ali ndi chibayo, mlangizi amawerenga kapumidwe kake kwa mphindi yathunthu. Mwana wa miyezi 2 mpaka 11 akapuma ka 50 kapena kuposa, kapena wa chaka chimodzi mpaka zaka zinayi akapuma ka 40 kapena kuposa, ndiye kuti akupuma mofulumira ndipo akufunika mankhwala. Mlangizi akhoza kutumiza lipoti lokongola mwezi uliwonse pomwe kawerengedwe kake kadasokonekera kalekale. Izi zimadziwika pokhapokha womuyang'anira akabwera, n'kukhala pambali pake mwana akupimidwa.

N'chifukwa chake malangizo a bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO a 2018 amanena kuti ogwira ntchito zaumoyo m'midzi aziyenderedwa mowathandiza ndi kuwaphunzitsa. Ku Mali, bungwe la Muso lidakonza kayenderedwe ka mbali zinayi: kukumana pagulu, kufunsa makolo a odwala mlangizi palibe, kumuona akugwira ntchito, kenako kukambirana awiriwiri zomwe zili bwino ndi zofunika kukonza.

Woyendera wongobwera kudzasaka zolakwa amaphunzitsa anthu kubisa. Mlangizi woopa kukalipiridwa sanganene kuti zoyezera malungo zidanyowa ndi mvula, kapena kuti foni yakhala masiku anayi osatchaja. Wotsogolera wabwino amafunsa kaye chomwe chikulepheretsa ntchito: mayunitsi, netiweki, njinga, kapena nyumba, poti alangizi ena amakhala kutali ndi dera lawo chifukwa chosowa pokhala.

Kufunika kwa uthenga wofika msanga kudaoneka bwino pa mliri wa kolera. Wodwala woyamba kutsimikizidwa, mu Malichi 2022, adali wochokera ku Balaka ndipo adagonekedwa pachipatala cha boma la Machinga ku Liwonde. Mliriwo udafalikira dziko lonse, udagwira anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700. Pa matenda otere, uthenga wakuti anthu angapo m'mudzi umodzi akutsekula m'mimba suyenera kudikira lipoti la pakutha pa mwezi. Wodzipereka auze mlangizi tsiku lomwelo, mlangizi aimbire womuyang'anira, ndipo aliyense adziwiretu woti amuimbire woyambayo akapanda kuyankha.

Mbali ya makolo ndi odzipereka

Naye mlangizi ndi mtsogoleri wa anthu amene sawaona tsiku lililonse: odzipereka a m'midzi ndi a komiti ya zaumoyo. Zomwe iye amafuna kwa akuluakulu ake ndi zomwenso odziperekawo amafuna kwa iye. Aliyense adziwe makomo ake ndi ntchito yake. Tsiku lokumana likhale lodziwika, losasinthasintha. Uthenga ukatumizidwa uyankhidwe, ngakhale yankho litakhala lakuti mankhwala sadafike. Gulu la WhatsApp limathandiza, koma lisasiye kunja mayi amene ali ndi foni ya mabatani kapena alibe n'komwe. Ndipo dzina kapena chithunzi cha wodwala zisaikidwe pagulu.

Makolo nawo ali ndi maso omwe woyang'anira alibe. Inu ndi amene mumadziwa ngati kiliniki imatsegulidwa pa masiku ake, komanso ngati mankhwala amapezeka. Mukabwezedwa chifukwa LA watha, uzani a komiti ya zaumoyo kuti nkhaniyo ikafike kuchipatala chaching'ono. Nthawi zambiri vuto silikhala la mlangizi yekha, ndipo silingakonzeke ngati palibe wolinena. Woyendera akafika m'mudzi n'kufunsa maganizo anu, nenani zoona, zabwino ndi zoipa zomwe.

Balaka yomweyi ndi komwe kudabadwira Chipatala Cha Pa Foni mu 2011, pomwe bungwe la VillageReach ndi Unduna adatsegula lamya yaulere yoti amayi oyembekezera ndi olera ana azifunsirapo nzeru. Pano imathandiza dziko lonse. Koma nayo imapereka malangizo chabe, siyeza magazi. Mwana akamakomoka, akamasanza chilichonse, akalephera kuyamwa kapena kumwa, akalefuka kwambiri, kapena chifuwa chikamalowa mkati popuma, musadikire yankho la pafoni. Pitani naye kuchipatala nthawi yomweyo.

Mvula isadayambe ndiyo nthawi yoti makomiti a m'mbali mwa Rivirivi akhale pansi ndi alangizi awo. Afunsane ngati bokosi lili ndi mankhwala okwanira, foni izitchajidwa kuti, ndipo ndani adzanyamule mwana wodwala kwambiri mtsinje ukadzadza.