Liwu la Chingerezi lakuti "thin"

Liwu lakuti "thin" ndi lalifupi, koma limasenza matanthauzo angapo. Pamene Chingerezi chimagwiritsa ntchito liwu limodzi lomweli, Chichewa chili ndi mawu osiyanasiyana.

"A thin dog" ndi galu woonda. "Thin paper" ndi pepala lopyapyala, pakuti pepala silionda. "Thin porridge" ndi phala lamadzimadzi, lomwe lachepa ufa. Pamwamba pa mapiri aatali, monga Everest, pali "thin air", ndiko kuti mpweya wochepa umene umachititsa okwera phiri kupuma mwawefuwefu. Motero womasulira ayenera kuyamba wafunsa kuti, "Kodi chimene chikunenedwacho n'chiyani?"

Mawu otsutsana nalo amasinthanso. Galu akaleka kuonda amakhala "fat", wonenepa. Koma buku lokhuthala ndi phala lolimba zimatchedwa "thick". Poyerekeza zinthu amati "thinner" ndi "thinnest", ndipo chilembo cha n chimalembedwa kawiri.

Katchulidwe kake kamafuna chisamaliro. M'Chichewa, "th" wa mu "thumba" ndi t wotuluka ndi mpweya. M'Chingerezi, nsonga ya lilime imakhala pakati pa mano ndipo mpweya umatuluka pang'onopang'ono. Wotchula "thin" ngati "thumba" amamveka ngati akunena "tin", ndiye kuti chitini.

Liwuli lili ndi abale ake, ndipo aliyense ali ndi khalidwe lake. "Slim" ndi "slender" ndi mawu oyamikira munthu wa thupi laling'ono looneka bwino. "Lean" amanena za wothamanga wa thupi lolimba, kapenanso nyama yopanda mafuta. "Skinny" anachokera ku "skin", khungu, ndipo amapereka chithunzi cha munthu amene watsala khungu ndi mafupa. Ana ambiri amapwetekedwa mtima akaitanidwa ndi liwu limeneli pabwalo la masewera.

Miyambo imasiyananso pa nkhani ya thupi. Ku Malawi, agogo akaona mdzukulu amene wabwera kudzacheza amanena mokondwera kuti, "Wanenepa, mdzukulu wanga!" Kumeneko ndi kuyamikira kuti mwanayo akudya bwino ndipo ali ndi thanzi. Akati "waonda", ndiye kuti ali ndi nkhawa kuti mwina anadwala. Ku Britain ndi ku United States, kuuza munthu kuti "you are fat" ndi chipongwe, ndipo ngakhale "you are thin" akhoza kumukhumudwitsa. Mwana wolankhula zinenero ziwiri amafunika kudziwa amene akulankhula naye asanatsegule pakamwa. Akakayika, ndi bwino kusanena kanthu za thupi la mnzake.

Ntchito
1. Masulirani m'Chichewa: "a thin cow", "thin cloth", "thin soup".
2. Tchulani mokweza "thin" ndi "tin", mnzanu anene liwu limene wamva.
3. Funsani makolo anu mawu ena a Chichewa onena za kuonda, muwalembe m'kope.