NKHOKWE YA KANEMA NDI NYIMBO PAKHOMO PANU

Masiku ano m'midzi mwathu nyumba zambiri zili ndi mafoni aja oonetsa zithunzi. Bambo ali ndi yao, mai ali ndi yao, mwinanso mnyamata wamkulu ali ndi yake. M'mafoni amenewa muli nyimbo za kwaya, kanema wa ukwati wa mwana, zithunzi za ana akali makanda, ndi mau a agogo pamene ankalongosola kumene mtundu wao udachokera. Koma foni nchinthu chosakhalitsa. Imagwa m'chitsime, imabedwa pamsika, kapena ingofa yokha, ndipo zonse zimene zinali m'katimo zipita nayo limodzi. Ena amati, "Ine zanga ndidaziika pa intaneti." Inde, koma kuti azionenso ayenera kugula bandulo ndi kukwera pachulu kukafuna netiweki. Paja akulu adati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Nkhani yathu sabata ino ndi ya njira yosungira zinthu zimenezi pakhomo panu, pamalo amodzi, kuti ali yense wa m'banja azitha kuziona pa foni yake wosalipira kanthu. Odziwa za makompyuta amaitcha seva. Ife tingathe kungoti nkhokwe, pakuti ntchito yake ndi yomweyo: kusunga za banja lonse kuti wofuna azikatapa. Kusiyana kwake nkwakuti m'nkhokwe iyi ngakhale mutape chotani, simuchepa kanthu.

KODI IGWIRA NTCHITO BWANJI?

Seva ndi kompyuta wamba imene mwaipatsa ntchito imodzi yokha. Makanema ndi nyimbo zikhala m'disiki yake. Kompyutayo ilumikizidwa ndi nthambo ku kabokosi kotchedwa rauta, ndipo rautayo iulutsa Wi-Fi m'nyumba monse ndi pabwalo. Foni yanu ikagwira Wi-Fi imeneyi ipempha kanema amene mufuna, ndipo kanemayo afika pang'onopang'ono monga madzi a m'ngalande, inu muli kuonera. Satsala m'foni iai, kotero foni siidzaza. Mai angathe kumvera kwaya kukhitchini, ana ali kuona kanema wao pakhonde, nthawi imodzi yomweyo.

Anthu ambiri ayesa kuti Wi-Fi ndi intaneti nchinthu chimodzi. Si tero iai. Intaneti ndi mseu waukulu wopita ku maiko akutali, ndipo woyendamo alipira. Wi-Fi ndi kanjira ka pakhomo panu kochokera ku nyumba kunka ku nkhokwe. Chifukwa chake rauta ya ntchito imeneyi siifuna SIM kapena mayunitsi. Mphamvu yake ifika mamita 20 kapena 30 pamalo poyera, koma zipupa za njerwa ziichepetsa.

ZOFUNIKA KUPEZA

Choyamba ndi kompyuta. Laputopu yakale imene mwini wake adaisiya chifukwa yachedwa ikwanira ndithu, ngakhale galasi lake litang'aluka. Ubwino wake ngwakuti ili ndi batire lake, kotero magetsi akathima mwadzidzidzi siizima pomwepo. Palinso kakompyuta kena kotchedwa Raspberry Pi, kokwana m'dzanja, kamene kadayamba kugulitsidwa ku Britain mu 2012. Mtundu wake wachinai, umene udatuluka mu 2019, ndi wokwanira pa ntchitoyi, ndipo udya magetsi ochepa zedi.

Chachiwiri ndi disiki yosungiramo. Disiki ya 1 TB ilowa 1,000 GB. Kanema wa ola ndi theka, wooneka bwino pa foni, adya pafupifupi 1 GB, ndipo nyimbo 200 zidya malo onga omwewo. Koma chenjerani ndi kanema amene mujambula nokha pa foni, pakuti mphindi 10 zokha zingathe kudya 1 GB kapena kuposa. Madisiki alipo a mitundu iwiri. Wina uli ndi mbale yozungulira m'kati. Ngwotsika mtengo koma ukagwa pansi ufa msanga. Wina utchedwa SSD. Ngwodula, koma mulibe chozungulira, udya magetsi ochepa ndipo upirira kugwedezeka.

Chachitatu ndi rauta pamodzi ndi nthambo yake. Chachinai ndi pulogalamu yogawira makanema. Imene tikuuzani pano ndi Jellyfin, imene idayamba mu 2018 ndipo imakonzedwa ndi anthu odzipereka a m'maiko ambiri. Njaulere, siifuna kuti mulembetse dzina ku kampani ili yonse, ndipo igwira ntchito ngakhale palibe intaneti. Palinso ina yotchuka, Plex, koma iyo ifuna kuti mutsegule akaunti pa intaneti, ndipo zina za ntchito zake nzolipira. Kwa ife a kumudzi Jellyfin ndiyo yoyenera.

ZA MAGETSI

Midzi yambiri idalira magetsi a dzuwa, tsono tiyeni tiwerengere. Raspberry Pi pamodzi ndi disiki ndi rauta zidya mawati osapitirira 15. Mukaziyatsa maola 4 madzulo, 15 kuchulukitsa ndi 4 ndi 60. Batire la mavoti 12 lolembedwa 20 Ah lisunga 240, koma batire la asidi silifuna kutapidwa kupitirira theka, chifukwa likatero lifa msanga. Potero muli ndi 120, zokwanira madzulo awiri ngati simuyatsirapo zina. Sola ya mawati 50 ibweza zimenezi pa tsiku limodzi la dzuwa labwino. Laputopu idya kawiri kapena katatu kuposa pamenepa, choncho ifuna batire lokulirapo.

Raspberry Pi ya mtundu wachinai ifuna mavoti 5 ndi maampu 3. Musailumikize molunjika ku batire la mavoti 12, ingapse. Pakati pake paikidwe kachipangizo kotsitsa mavoti, konga kaja kochajira foni m'galimoto, koma kamphamvu. Chaja yofooka ndiyo ibweretsa mabvuto ambiri: disiki ingolira nkuima, kanema nkumadukaduka, mwini wake nkumayesa kuti kompyuta yaonongeka.

KAIMIKIDWE KAKE

Tsiku loyamba lokha intaneti ifunika, kuti mutenge pulogalamu. Ntchito iyi ingachitike ku tauni kapena pa malo ali onse pamene netiweki igwira bwino, ndipo mwana amene adaphunzira kompyuta ku sekondale angathe kuithandiza. Pa laputopu ya Windows mungotenga Jellyfin pa tsamba lake nkuiika monga pulogalamu ili yonse. Pa Raspberry Pi muyamba mwalemba Raspberry Pi OS pa memori khadi, kenaka nkuonjezapo Jellyfin.

Mukatero, sanjani zinthu m'disiki. Monga sitisakaniza mtedza ndi nyemba m'thumba limodzi, pangani mafoda osiyana: la nyimbo, la makanema, la za banja, la za ana, la maphunziro. Chili chonse chipatsidwe dzina lomveka ndi chaka chake, monga "Ukwati wa kwa amalume 2021". Dzina la manambala okhaokha limene foni ipereka silidzathandiza munthu patapita zaka zisanu.

Tsono lumikizani kompyuta ku rauta. Rauta ipatsa kompyutayo nambala yake, yonga 192.168.1.10. Pa foni imene yagwira Wi-Fi yanu, tsegulani posakira masamba a intaneti, lembani nambala ija, muike timadontho tiwiri ndi 8096, motere: 192.168.1.10:8096. Jellyfin idzakufunsani dzina la woyang'anira ndi mau achinsinsi, kenaka mudzailoza mafoda aja. Uzani rauta kuti nambala imeneyi ikhale ya kompyutayo masiku onse, chifukwa ikasintha mafoni adzasokera. Ilembeni pa pepala, muimate pakhoma. Ikaninso mau achinsinsi pa Wi-Fi, kuti wodutsa m'njira asamalowe.

Munthu ali yense wa m'banja mumtsegulire dzina lake. Apa makolo amvetse bwino: woyang'anira angathe kusankha mafoda amene ana aloledwa kuona, ena onse nkuwabisa. Pa intaneti mwana akumana ndi zili zonse, zabwino ndi zonyansa zomwe. M'nkhokwe ya pakhomo apeza zokhazo zimene inu mwaikamo.

Pali chinthu chimodzi chimene chikhumudwitsa ambiri. Makanema sapangidwa mofanana, ndipo foni ikalephera kuwerenga mtundu wina, seva iyesa kuusanduliza nthawi yomweyo. Ntchito imeneyi njolemetsa; kakompyuta kakang'ono katentha ndipo kanema aimaima. Mankhwala ake nkusunga makanema anu mu mtundu wa MP4 wa H.264, umene pafupifupi foni ili yonse iwerenga. Pulogalamu yaulere ya HandBrake isanduliza makanema ena kuti akhale otero, ndipo ichepetsanso kukula kwa aja mwajambula nokha.

ADANI A NKHOKWE IMENEYI

Walira mvula walira matope. Wofuna seva adziwe kuti ifuna chisamaliro, ndipo adani ake ndi omwe aja tiwadziwa kale.

Woyamba ndi kutentha. Raspberry Pi ikafika madigiri 80 idzichedwetsa yokha kuti ingapse. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala musaiike pafupi ndi malata, kapena kuifunditsa nsalu. Ikhale pa shelefu pamene mphepo ipita.

Wachiwiri ndi fumbi ndi utsi. Zitseka timabowo topumira. Seva isakhale m'nyumba yophikira, ndipo kamodzi pa mwezi muizime nkuipukuta ndi kaburashi kouma.

Wachitatu ndi tizilombo. Mphemvu ndi nyerere zikonda malo ofunda, ndipo makoswe atafuna nthambo. Kabokosi ka matabwa kokhala ndi sefa ya waya m'mbali kaletsa makoswe ndi mphemvu koma kalola mphepo. Musapopere mankhwala m'kati mwa kompyuta.

Wachinai ndi mvula. Onani kuti denga silidontha pamalopo. Kukayamba ziphaliwali zimani zonse, muzule nthambo, makamaka inu amene muli ndi magetsi a pa mitengo.

Wachisanu ndi dzanja la munthu. Kuzula nthambo kompyuta ili kugwira ntchito kuononga zolembedwa pa memori khadi, ndipo tsiku lina idzakana kuyaka. Phunzitsani onse a m'nyumba kuizima mwa njira yake, ndi kudikira kufikira kanyali kobiriwira kataleka kuphethira. Disiki yozungulira isanyamulidwe ili kugwira ntchito.

Pa miyezi ingapo ili yonse, mukapeza intaneti, lolani pulogalamu itenge zokonza zatsopano. Koma musatsegule seva yanu kuti izifikika kuchokera kunja kwa mudzi ngati palibe munthu wodziwa bwino kutchinjiriza kwake.

DISIKI YACHIWIRI

Apa ndipo pagona nkhani yonse. Disiki ili yonse idzafa tsiku lina, yodula ndi yotchipa yomwe. Mwina iyamba yachenjeza ndi kaphokoso kogogoda kapena kuchedwa kutsegula; mwina ingofa usiku umodzi. Mukasonkhanitsa zonse za banja m'disiki imodzi, nkufufuta za m'mafoni, ndiye kuti mwaika mbeu yonse m'nkhokwe imodzi ya udzu.

Nyimbo za oimba ndi makanema a kunja mungathe kuwapezanso. Koma mau a agogo amene adatisiya, kanema wa chinkhoswe, zithunzi za mwana ali wakhanda, palibe sitolo yogulitsa zimenezi. Chifukwa chake gulani disiki yachiwiri, ngakhale yaing'ono. Kumapeto kwa mwezi uli wonse kopereni foda la za banja, muikulunge m'pulasitiki, muiike m'chitini, ndipo mukaisungitse ku nyumba ina, kwa achimwene kapena kwa azakhali. Moto kapena mbala zikalowa m'nyumba imodzi, inayo ipulumuka. Nthawi zina muzitsegula kanema mmodzi kapena awiri a m'disiki yachiwiriyo, kuti mutsimikize kuti zidalowadi. Ngati ndalama zikwanira disiki yaikulu imodzi kapena zazing'ono ziwiri, sankhani ziwiri.

ZOIKAMO NDI LAMULO

Kuonjeza pa za banja, muikemo zophunzitsa. Bungwe la Access Agriculture lili ndi makanema a zaulimi m'zinenero zambiri, Chichewa chomwe, ndipo alola anthu kuwatenga kwaulere. Munthu mmodzi akawatenga kamodzi, nyumba yonse iwaona kangapo konse popanda bandulo ina.

Koma kumbukirani kuti oimba ndi opanga makanema adyera pa ntchito yao monga inu mudyera pa munda. Lamulo la 2016 liteteza ntchito zao, ndipo bungwe la COSOMA, limene lidakhazikitsidwa mu 1992, ndilo liyang'anira zimenezi m'Malawi muno. Ikani nyimbo zimene mwagula moyenera kapena zimene eni ake adapereka kwaulere. Wofuna kulipiritsa anthu pakhomo kuti aone kapena amve ayambe wakafunsa za chilolezo.

KODI NYUMBA ILI YONSE IKHALE NAYO?

Iai. Ngati m'nyumba muli foni imodzi yokha, memori khadi ziwiri zikukwanirani: ina m'foni, ina yosungidwa padera. Musagulitse chimanga cha chakudya kapena kudya ndalama ya feteleza chifukwa cha seva. Iyenera banja lalikulu la mafoni atatu kapena anai limene lili kale ndi sola, ndipo liona kuti ndalama zambiri zikuthera ku mabandulo.

Komanso mutu umodzi susenza denga. Nyumba zoyandikana za pachibale, kalabu ya alimi kapena gulu la banki m'khonde lingathe kusonkherana nkuimika seva imodzi. Likatero lisankhe munthu mmodzi wosunga mau achinsinsi, wina wopukuta ndi kuyang'ana batire, ndi wina wosunga disiki yachiwiri kwao. Zimenezi zilembedwe m'buku la gulu, pamodzi ndi tsiku lokopera mwezi uli wonse, kuti pasadzakhale kulozana zala.

Amene simunakonzeke kugula kanthu, yambani ndi chimene mungathe sabata ino. Tengani foni yanu, musankhe zithunzi, mau ndi makanema amene simungawapezenso kwina, ndipo muwakopere pamalo achiwiri. Ngati agogo akali moyo, khalani nao pansi madzulo ano, muwajambule akusimba za kale.