A Mwanawasa ndi a Sata: adani amene anagwirana canza mu 2008

Mu April 2008 a Michael Sata anadwala mtima mwadzidzidzi mu Lusaka. Iwo ndiwo anali mtsogoleri wa cipani cotsutsa ca PF, ndipo m'dziko muno munalibe wina wodziwa kunyoza Pulezidenti Levy Mwanawasa kopambana iwo. Koma boma la a Mwanawasa lomwelo linawakweza ndege kupita nao ku cipatala ca Milpark ku Johannesburg. Atacira anabwerako, ndipo mu May anapita ku State House kukathokoza. Amuna awiriwo anagwirana canza pamaso pa atolankhani nalengeza kuti ayanjana.

Inu amene munamva nkhaniyi pa wailesi mudzakumbukira kuti ambiri sanakhulupirire, cifukwa cidani cao cinali cakale. Onse awiri analowa m'boma ndi MMD mu 1991. A Mwanawasa anali waciwiri kwa a Frederick Chiluba, koma mu 1994 anatula pansi udindo podandaula za katangale, pamene a Sata anatsala m'boma. Mu 2001, mipingo ndi mabungwe a mu Oasis Forum atakaniza a Chiluba kuimanso kacitatu, MMD inasankha a Mwanawasa, ndipo a Sata anakwiya nacoka kukayamba PF. Otsutsa anali kuitana a Mwanawasa kuti kabici, ponyoza kalankhulidwe kao kamene kanaonongeka pa ngozi ya galimoto ya mu December 1991. Naonso a Sata anagonapo m'citokosi mu ulamuliro wa a Mwanawasa. Pambuyo pa masankho a 2006 otsatira PF anacita cipolowe m'makomboni a mu Lusaka.

Nanga munthu wonyozedwa cotero anautenga kuti mtima wopulumutsa womunyoza? Ena amati zinali ndale cabe. Ine ndiona kuti a Mwanawasa anali ndi cinthu cimodzi cimene atsogoleri ambiri alibe: anali kudziwa kuwerenga anthu amene sanawavotere. Mu December 2001 anapambana ndi mavoti pafupifupi 29 peresenti cabe, a Anderson Mazoka a UPND ali pambuyo pao ndi 27. Ndiye kuti mwa anthu khumi alionse, asanu ndi awiri anafuna wina. M'Nyumba ya Malamulo MMD inapeza mipando 69 mwa 150 yovoteredwa. Kuno kum'mawa ambiri anaponya voti ku UNIP ndi FDD. Wina akanalanga zigawo zimene zinamukana. Iwo anasankha kuitana anthu a kumeneko kuti adzagwire nao nchito.

Mu 2003 anapatsa unduna aphungu a zipani zotsutsa, monga a Dipak Patel a FDD ndi mai Sylvia Masebo a ZRP. Caka comweco anaika a Nevers Mumba, amene anapikisana nao pa masankho, kukhala waciwiri wao. Sizonse zinayenda bwino. A Mumba anacotsedwa mu 2004, ndipo zipani zotsutsa zinadandaula kuti uku sikugwirizanitsa dziko koma kuba nkhuku m'khola la mnzako. Dandaulo limeneli silinali lopanda pace, pakuti cipani cotsutsa cikafooka, wodzudzula boma amasowa. Komabe mu October 2006 anacitanso zomwezo, ulendo uno modabwitsa kwambiri: anapita kukatenga a Rupiah Banda, munthu wa UNIP amene anali nduna m'masiku a a Kaunda ndipo anali atapumula ku famu kwao ku Chipata, nawaika kukhala waciwiri kwa mtsogoleri wa dziko.

Mlimi angafunse kuti zonsezi zimukhudza bwanji iye. Zimukhudza pa thumba la feteleza. Pulogalamu ya feteleza wotsika mtengo wopitira m'makopaletivu inayamba mu 2002, caka ca njala, mu ulamuliro wa a Mwanawasa, ndipo maboma onse otsatira anapitiriza nayo, mosintha dzina ndi kayendetsedwe. Cimanga sicidziwa mtundu wa citenje cimene mwini munda amavala pa msonkhano. Koma tonse tidziwa midzi imene kopaletivu imodzi inagawika pawiri cifukwa wapampando ndi wa cipani ici, mlembi ndi wa cipani ico, ndipo dzina la mai wamasiye linasowa pa mndandanda cifukwa mwana wace anaonedwa pa lole ya otsutsa. Tidziwanso mphakati umene anthu analeka kupemphera pamodzi kwa miyezi ingapo masankho atatha. Ngati mwini State House anatha kutumiza mdani wace ku cipatala, wapampando wa kopaletivu alibe cifukwa cofufutira dzina la mnansi wace.

Tisawasandutse woyera, ai. A Mwanawasa anali waukali ndiponso wosacedwa kukwiya. Anakangana kwambiri ndi mipingo pa nkhani ya malamulo oyendetsera dziko, kotero kuti maepiskopi a Katolika anakana kulowa mu msonkhano wa National Constitutional Conference umene boma linakhazikitsa mu 2007. Ndipo pamene anapempha Nyumba ya Malamulo mu July 2002 kuti icotse citetezo ca a Chiluba kuti azengedwe milandu ya katangale, okonda a Chiluba anati uku n'kuzunza munthu amene anamukweza. Kwa a Mwanawasa, amene anali loya, umodzi sunatanthauze kubisa mlandu pansi pa mphasa. Munthu ungamuthandize akadwala, ungamupatse nchito ngakhale si wa cipani cako, koma ngati pali mlandu akayankhe ku khoti. A Chiluba anapezeka osalakwa mu 2009, a Mwanawasa atamwalira kale.

Ciyanjano ca mu May sicinapatsidwe nthawi yoti cikhwime. Pa 29 June 2008 a Mwanawasa anagwa ndi sitiroko ku Sharm el-Sheikh m'dziko la Egypt, kumene anapita ku msonkhano wa African Union, ndipo pa 19 August anamwalira ku France. Mtembo unayendetsedwa m'zigawo kuti anthu atsanzike. Utafika ku Chipata, a Sata naonso anabwera, koma mai Maureen Mwanawasa anawauza kuti acoke. Zilonda za m'banja sizinapole msanga monga za ku State House.

A Mwanawasa anaikidwa pa Embassy Park mu Lusaka pa 3 September 2008, tsiku limene akanakwanitsa zaka 60. A Sata anagonja kwa a Banda caka comweco, nawagonjetsa mu 2011, ndipo a Banda anavomera zotsatira misozi ili m'maso. A Sata anamwalira mu 2014, a Banda mu 2022, ndipo onse atatu anagonekedwa pa Embassy Park pomwepo.