Momwe mungapezere ndalama zofufuzira mavuto a ovulala msana

Munthu akagwa mumtengo wa mango ku Chileka, kapena akachita ngozi ya kabaza pamsewu wa M1 ku Lirangwe, miyendo n'kusiya kugwira ntchito, abale amathamangira naye kuchipatala chaching'ono, kumene amamutumiza ku Gulupu mumzinda wa Blantyre. Ena akatuluka ku Gulupu amakaphunzira kudzisamalira ku Kachere Rehabilitation Centre, malo a bungwe la Malawi Against Physical Disabilities.

Mafunso ovuta amayamba munthuyo akabwerera kumudzi. Amagona pa chiyani? Amamutembenuza ndani usiku? Njinga yake ikathyoka amaikonza ndani? Mayankho a mafunso otere safuna makina odula kapena mamiliyoni ankhaninkhani. Namwino, dokotala wa mafizo kapena wophunzira wa pasukulu ya ukachenjede angathe kuwapeza ndi thandizo lochepa la ndalama za kafukufuku, bola adziwe kapemphedwe kake.

Vutoli ndi lotani?

Mkati mwa mafupa a msana mumadutsa mtsempha waukulu womwe umanyamula mauthenga pakati pa ubongo ndi thupi lonse. Mtsemphawu ukaduka kapena kupanikizika, ziwalo za m'munsi mwa malo ovulalawo zimafooka kapena kufa. Wovulala m'khosi angathe kufa manja ndi miyendo yomwe, pamene wovulala chapakati pa msana amafa miyendo. Ambiri amalepheranso kudzigwira mkodzo ndi chimbudzi.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidalengeza mu 2024 kuti anthu oposa 15 miliyoni padziko lapansi ali ndi vutoli, ndipo ambiri adalipeza pa ngozi zapamsewu, kugwa ndiponso nkhanza. Koma si ngozi zokha. Chifuwa chachikulu cha TB chikalowa m'mafupa a msana chimawadya mpaka kupanikiza mtsemphawo, ndipo khansa nayo imachita chimodzimodzi.

Chomvetsa chisoni n'chakuti m'maiko osauka ambiri mwa anthuwa amamwalira ndi mavuto opeweka, makamaka zilonda zobwera chifukwa chogonera mbali imodzi nthawi yaitali ndi matenda a m'chikhodzodzo. Apa ndi pomwe kafukufuku wamng'ono angapulumutse moyo.

Ndalamazi amapereka ndani?

Kuno kwathu, bungwe la boma la National Commission for Science and Technology, lomwe lidakhazikitsidwa pansi pa lamulo la sayansi ndi luso la 2003, nthawi ndi nthawi limalengeza mwayi wa ndalama za kafukufuku. Sukulu ya Kamuzu University of Health Sciences, yomwe ambiri amangoti KUHeS, ili ndi ofesi yothandiza ofufuza kupeza ndi kuyendetsa ndalama zotere. Bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome Programme, lomwe lili pa Gulupu, limaphunzitsanso achinyamata ntchito ya kafukufuku.

Kunja kwa dziko lino, bungwe la ku Britain la Royal Society of Tropical Medicine and Hygiene lakhala likupereka ndalama zosaposa mapaundi 5 000 kwa ofufuza ongoyamba kumene a dziko lililonse, kuti agwire ntchito ya chaka chimodzi.

Musanalembe chilichonse, werengani bwino amene akuloledwa kupempha. Mwachitsanzo, bungwe la Craig H. Neilsen Foundation limathandiza kwambiri kafukufuku wa ovulala msana, koma ndalama zake zimapita kumabungwe a ku America ndi Canada. Mmalawi wolembera kumeneko payekha angotaya nthawi.

Yambani ndi funso limodzi

Pempho lambiri limagwa chifukwa mwini wake amafuna kusenza zonse pakamodzi. Kulemba kuti mukufuna kufufuza za ulumali m'Malawi n'kuuza opereka ndalama kuti simudaganize mokwanira.

Tiyerekeze namwino wa ku Chileka. Iye angafunse kuti: mwa anthu ovulala msana omwe adatuluka m'chipatala m'zaka ziwiri zapitazi ndipo akukhala m'dera la Mfumu Yaikulu Kuntaja, ndi angati ali ndi zilonda, nanga owasamalira adaphunzitsidwa chiyani? Funso lotere lili ndi malo, nthawi ndiponso anthu odziwika, ndipo lingayankhidwe m'chaka chimodzi. Wina angafufuze masiku omwe amadutsa kuchokera pamene munthu wayamba kumva msana kuwawa kufika pamene achipatala apeza kuti ndi TB. Winanso angafunse za momwe ovulala pangozi amanyamulidwira, poti kumukweza munthu pagalimoto mosagwiriziza khosi ndi msana kungaonjezere kuvulala.

Funsoli lisachokere muofesi mokha. Kambiranani ndi eni vutolo kudzera m'magulu awo monga Spinal Injuries Association of Malawi ndi Fedoma. Iwo ndiwo akudziwa chomwe chimawasowetsa tulo, ndipo opereka ndalama ambiri masiku ano amafunsa ngati okhudzidwa adatengapo mbali pokonza kafukufukuyo.

Pezani mlangizi ndi chilolezo

Kawirikawiri ndalama za kafukufuku zimadzera kusukulu, chipatala kapena bungwe lomwe wopemphayo akugwirako ntchito, ndipo pamafunika kalata ya mkulu wa malowo. Wongoyamba kumene amafunikanso mlangizi yemwe adachitapo kafukufuku. Mufikireni msanga, osati kutatsala masiku awiri kuti tsiku lotsekera likwane.

Kafukufuku aliyense wokhudza anthu amayenera kuvomerezedwa ndi komiti yoona kuti ufulu wa ofunsidwa ukutetezedwa. Ina mwa makomitiwa ndi National Health Sciences Research Committee ya ku Unduna wa Zaumoyo, ndiponso komiti ya ku KUHeS. Makomitiwa amalipiritsa ndipo amatenga nthawi, choncho zonse ziwirizi zilowe m'ndondomeko yanu. Mufunikanso kalata ya mkulu wa zaumoyo kukhonsolo ya boma la Blantyre, ndipo simungalowe m'mudzi osadzera kwa mafumu ndi alangizi a zaumoyo.

Fomu yopempha chilolezo cha wofunsidwa ilembedwe m'Chichewa chomveka. Munthu wodwala asaganize kuti akakana kuyankha amumana thandizo, komanso asalonjezedwe njinga yomwe kulibe. Lembaninso chomwe mudzachite mukapeza munthu ali ndi chilonda chachikulu. Kulemba manambala n'kumusiya choncho n'kulakwa, ayenera kutumizidwa kuchipatala.

Bajeti ikhale yoona

Owunika mapempho amayang'anitsitsa bajeti. Lembani chinthu chilichonse ndi mtengo wake: mafuta kapena kabaza wokafikira m'midzi, malipiro a othandiza kufunsa mafunso, mapepala, mayunitsi a foni, ndalama za komiti ndi msonkhano wokafotokozera anthu zotsatira. Ngati ofunsidwa adzayende, kumbukirani kuti woyenda panjinga ya olumala amayenda ndi womuperekeza, ndipo nthawi zina amalipiritsidwanso malo a njingayo. N'chifukwa chake kuwayendera kunyumba kumakhala kwanzeru, makamaka m'chilimwe misewu yafumbi isanaterere.

Musaiwale za kugwa mphamvu kwa kwacha. Mu November 2023 ndalamayi idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya zinthu idakwera. Bajeti yolembedwa lero imagwiritsidwa ntchito patapita miyezi ingapo, choncho sonyezani tsiku lomwe mudatengera mitengoyo. Funsaninso ngati opereka ndalamawo amalola kugula kompyuta kapena kulipira malipiro anu, poti ambiri amakana.

Kalembedwe ndi zotsatira

Mapempho amalembedwa m'Chingerezi, ndipo ambiri amatumizidwa pa intaneti. Yankhani funso lililonse la pafomu, musapyole chiwerengero cha mawu chomwe aika, ndipo mupatse mnzanu yemwe si wachipatala kuti awerenge. Ngati iye samva chomwe mukufuna kuchita, owunikanso avutika. Tumizani kudakali masiku, chifukwa magetsi ndi netiweki zingakukhumudwitseni pa ola lomaliza.

Opempha amachuluka kuposa ndalama, ndiye kukanidwa si chachilendo. Ngati owunika apereka ndemanga, konzani pempholo ndi kuyesanso ulendo wina. Mukapambana, sungani malisiti onse ndi kupereka malipoti panthawi yake, poti mbiri imeneyi ndiyo idzakutsegulireni mwayi wa ndalama zokulirapo.

Kafukufuku akatha, zotsatira zisathere m'magazini a akatswiri. Zipite kuofesi ya zaumoyo ya boma, ku Gulupu ndi ku Kachere, komwe angasinthe zomwe amaphunzitsa owasamalira odwala asanatuluke. Zibwererenso kwa Kuntaja, kwa mabanja omwe adakulandirani pakhomo ndi kuyankha mafunso anu.