Nthochi za ku Nyimba Zisawolere Pamsewu

Aliyense woyenda pa msewu wa Great East amawadziwa amayi a ku Nyimba othamangira mabasi atasenza nthochi. Zosagulidwa zikapsa kwambiri zimatayidwa, thukuta la mlimi n'kupita pachabe. Komatu nthochi zoterezi ndizo zimatulutsa vinyo wokoma, ndipo wofuna kumwa wake pa Khirisimasi ayambe mu Seputembala.

Timasenda nthochi zolemera makilogalamu 2 n'kuziwiritsa m'malita 5 a madzi kwa mphindi 30. Tikasefa, timathiramo kilogalamu imodzi ya shuga ndi madzi a mandimu awiri. Yisiti timaika madziwo atazizira, pakuti moto umaipha. Ikamadya shuga imatulutsa mpweya, choncho chigubu timachitseka ndi chivindikiro chokhala ndi kapaipi kolowa m'botolo la madzi, kuti mpweyawo uzituluka koma wakunja usalowe. Ukalowa, vinyo amasasa. Thovu likalekeratu, timatsanulira vinyo m'mabotolo oyera, masese n'kutsala pansi. Wopupuluma amaphulitsa botolo.

Tchizi chodyera vinyoyu sitichifunafuna ku Lusaka. Timawiritsa mkaka, kuusasitsa kuti ukhale chambiko, n'kuupachika m'nsalu yoyera usiku wonse. Madzi akakhetseka timathira mchere, umene umaziziritsa kutsekemera kwa vinyo. Pambali pake tiikepo nsawawa zokazinga za ku Petauke.

Wofuna kugulitsa ayambe watenga chilolezo ku khonsolo. Paphwando ana apatsidwe thobwa, ndipo akulu amwe mwa muyeso, kuti m'mawa khasu lisasowe mwini.