Mkonono ukavuta: kachipangizo kati koyenera kugona nako m'kamwa?

Pamaliro ndi pomwe zimaululika. Abambo akangogona mozungulira moto panja pa siwa, sipatenga nthawi wina amayamba kuliza mkonono ngati chigayo cha dizilo, ndipo kukacha nkhani imakhala yomweyo. Kumeneko anthu amaseka n'kuiwala. Koma mayi wa kunyumba kwa bamboyo saseka, pakuti chigayocho amagona nacho chaka chonse, ndipo alipo amayi ena omwe adasamukira kale kuchipinda kwa ana. Tisanamizire abambo okha, amayi nawonso amauliza ndithu.

Masiku ano kuli tizipangizo ta pulasitiki tovala m'kamwa pogona tomwe amati timathetsa phokosoli. Ena amationa pa Facebook, ena amatumiziridwa ndi abale a ku Joni. Vuto n'lakuti timafanana maonekedwe chonsecho kagwiridwe kake ka ntchito n'kosiyana, ndipo munthu atha kutaya ndalama, ngakhalenso kuononga mano, chifukwa chosankha mwachimbulimbuli.

Mkonono umayambira kukhosi. Munthu akagona tulo, minofu ya lilime ndi ya kummero imalefuka, njira ya mpweya n'kuchepa. Mpweya ukamadutsa mopanikizika pamenepo, minofu yofewayo imanjenjemera, ndipo phokoso lija n'lomwelo. Kugona chagada, mowa wa madzulo, fodya, kunenepa kwa m'khosi ndi mphuno zotsekeka zimawonjezera vutoli.

Kachipangizo kofala kwambiri ndi kokankhira nsagwada ya m'munsi kutsogolo. Kamavalidwa pa mano a m'mwamba ndi a m'munsi, n'kugwira chibwano chitasunthira kutsogolo ndi mamilimita ochepa chabe. Popeza lilime lidamangirira ku nsagwadayo, nalonso limasuntha, ndipo kukhosi kumatseguka. Kamafanana ndi kaja amaluma anyamata a nkhonya, koma musanamizidwe: ka nkhonya kamangoteteza mano, sikasuntha chibwano.

Pa mtundu umenewu ndi pomwe pagona nkhani ya ndalama. Kotsika mtengo ndi koviika m'madzi otentha: kakafewa mumakaluma kuti katenge maonekedwe a mano anu, kenako n'kuuma. Kokwera mtengo ndi kopangitsa kwa dokotala wa mano, yemwe amayamba wayeza mano anu, ndipo nthawi zambiri kamakhala ndi posinthira kuti chibwano chizisunthidwa pang'onopang'ono mpaka phokoso litaleka. M'chaka cha 2008, madokotala a ku Antwerp m'dziko la Belgium adayesa mitundu iwiriyi pa anthu omwewo, ndipo kopangitsa kadachita bwino kuposa koviika, komwe mwa ena kankavuka m'kamwa usiku. Mu 2015 mabungwe awiri a ku America, American Academy of Sleep Medicine ndi American Academy of Dental Sleep Medicine, adalangizanso kuti odwala matenda obanika kutulo azigwiritsa ntchito kopangitsa, kokhala ndi posinthira.

Izi sizikutanthauza kuti koviika n'kachabechabe. Kwa munthu wa mkonono wamba, wa mano olimba, katha kuthandiza kuona ngati kusuntha chibwano kumachepetsadi phokoso asanalowe m'thumba kwambiri. Kungoti n'kokhuthala, komanso kamatha msanga.

Koma onani kaye m'kamwa mwanu. Kachipangizo kameneka kamakoka chibwano podalira mano, choncho kamafuna mano okwanira ndi olimba, mwina 8 mpaka 10 m'mwamba ndi m'munsi momwemo. Wa magweru ambiri, wa mano ogwedera, wa usinini wotuluka magazi, kapena amene nsagwada imamupweteka pafupi ndi khutu akamatafuna, asayerekeze asanaonane ndi a chipatala cha mano. Kwathu kuno, komwe dzino likapweteka ambiri timathamangira kukachotsa, chenjezo ili si la anthu ochepa.

Oterewa mwayi wawo uli pa mtundu wachiwiri, wogwira lilime. Ndi kampira kofewa kokhala ndi kathumba kutsogolo. Mumakafinya, n'kulowetsamo nsonga ya lilime, ndipo kamaliyamwa n'kuligwira lisagwere kukhosi. Adakayambitsa ndi dokotala wa ku Chicago, Charles Samelson, pofuna kuthana ndi mkonono wake womwe, ndipo zotsatira za kuyesa kwake zidasindikizidwa mu 1982. Sikadalira mano, moti ngakhale agogo a mano oikirira atha kukavala. Kuipa kwake n'kwakuti lilime limacha likuwawa, dovu limanyowetsa pilo, ndipo ambiri amakasiya msanga. Komanso ngati mphuno zanu zimatsekeka usiku, kameneka kakuvutani, chifukwa kamafuna kuti muzipumira m'mphuno.

Mtundu uliwonse, masiku oyamba amavuta: malovu ambiri kapena kukamwa kouma, mano kumva kuwawa, nsagwada kuuma m'mawa. Izi kawirikawiri zimachepa pakapita masabata angapo. Chomwe sichibwerera msanga ndi kusuntha kwa mano, komwe kumadza pakapita zaka, munthu n'kudzazindikira kuti mano a m'mwamba ndi a m'munsi sakukumananso monga kale. N'chifukwa chake wovala amayenera kumaonedwa ndi a mano nthawi ndi nthawi. Potsuka gwiritsani ntchito mswachi ndi madzi ozizira, otentha amakapinda.

Musanagule chilichonse, funsani amene mumagona nawo funso ili: kodi mkononowo umalira mosalekeza, kapena umaduka, munthu n'kukhala zii osapuma, kenako n'kudzidzimuka ngati watsamwa? Ukamaduka chonchi, si mkonono wamba, atha kukhala matenda obanika kutulo omwe madokotala amati sleep apnoea. Mpweya umaima kwa masekondi 10 kapena kuposerapo, ndipo mwa odwala kwambiri izi zimachitika kopitirira ka 30 pa ola limodzi. Munthu amadzuka mutu ukuwawa, amasinza m'tchalitchi, pa okala, ngakhale pa chiwongolero cha minibasi. Matendawa amayendera limodzi ndi BP, sitiroko ndi mavuto a mtima. Kafukufuku wa mu 2019 adayerekeza kuti anthu 936 miliyoni a zaka 30 mpaka 69 padziko lonse ali nawo.

Apa kachipangizo kogula pa Facebook katha kupusitsa banja: phokoso lichepa, mayi agona bwino, koma bambo akubanikabe mwakachetechete. Woteroyo ayambire kuchipatala. Kubanika kukakhala kwakukulu, chithandizo choyamba ndi makina opemerera mpweya m'mphuno otchedwa CPAP, omwe Colin Sullivan wa ku Sydney adawalengeza mu 1981, ngakhale kuti amafuna magetsi usiku wonse. Ka m'kamwa kamathandiza kwambiri pomwe kubanikako kuli kochepa kapena kwapakati, kapena munthu akalephera kugona ndi makinawo.

Mwana asavekedwe tizipangizo ta akuluakuluti, pakuti nsagwada zake zikukulabe. Mwana woliza mkonono usiku uliwonse nthawi zambiri amakhala ndi zotupa za kukhosi zija amati ma tonsils, ndipo a chipatala ndiwo ayenera kumuona.

Amene ndalama sizikulola pakadali pano atha kuyamba ndi zaulere: kusiya mowa wa madzulo, kuchepetsa thupi, ndi kugona cham'mbali. Ena amasokerera kampira ka tenisi kumsana kwa malaya ogonera kuti akangoti agone chagada, kawabaye n'kutembenuka okha, osadikira chigongono cha mayi.