KODI AMENE ANALI CIDAKWA ANGAMWENSO PANG'ONO?

Pali mau amene amveka kawirikawiri pakati pa amuna amene analeka mowa atabvutika nao. Munthu akakhala miyezi ingapo osalawa, thupi lace litabwerera, ngongole zace atabweza, ayamba kunena kuti, "Tsopano ndakula, ndidziwa malire anga. Cipanda cimodzi pa ukwati wa mphwanga sicingandiphe." Anzace abvomereza msanga, pakuti palibe munthu akonda kumwa yekha. Mkazi wace yekha ndiye akhala cete. Tsono ndani ali ndi coona, mwamuna kapena mkazi?

Funso ili siliyankhidwa ndi caka cimodzi kapena ziwiri. Lifuna munthu wopirira, woti atsate amuna omwewo kuyambira unyamata wao kufikira imvi, nalembe zonse zowagwera. Ku America nchito yotere inacitika, ndipo inatenga zaka zoposa 60. Tifuna kuti awerengi athu amve zimene zinapezeka.

ANYAMATA 724

M'caka ca 1938 dotolo wa pa sukulu yaikuru ya Harvard, dzina lace Arlie Bock, anayamba kusankha anyamata a pa sukulupo kuti aone m'mene moyo wao udzayendera. Ndalama za nchitoyo anapereka ndi W. T. Grant, mwini masitolo ambiri. Anyamatawo anakwana 268, athanzi ndi anzeru m'kalasi, ambiri a iwo ana a mabanja opeza bwino. Mmodzi wa iwo anali John F. Kennedy, amene pambuyo pace anadzalamulira dziko lonselo.

Ca m'1940 Sheldon Glueck ndi mkazi wace Eleanor, a pa sukulu yomweyo, anayamba kulemba mbiri za anyamata ena a m'makomboni osauka a mzinda wa Boston, a zaka ngati 14. Amene anatsatidwa pambuyo pace ndiwo 456. Awa anali ana a anthu a nchito zamanja, ndipo makolo a ambiri anacokera ku Ireland, ku Italy ndi maiko ena kudzafuna nchito.

Anyamata onsewa sanasankhidwe cifukwa ca mowa iai. Pa nthawi imeneyo panalibe wodziwa kuti ndani adzakhala cidakwa, ndipo m'menemo ndimo muli mphamvu ya nchitoyi. Mukafunsa cidakwa ca zaka 50 za unyamata wace, cikuuzani nkhani yokonzedwa bwino yoonetsa kuti wolakwa ndi wina. Koma za amuna awa zinalembedwa asanayambe kubvutika ndi mowa.

M'1972 nchito inagwera m'manja mwa Dr. George Vaillant. Zaka ziwiri ziri zonse amunawo analikulandira kalata ya mafunso, ndipo zaka zisanu ziri zonse analikupimidwa m'thupi. Vaillant analemba buku la zimenezi m'1983, lochedwa The Natural History of Alcoholism, ndipo m'2003 anaturutsa ciwerengero ca pamene a ku Harvard anafika zaka 80 ndi a ku Boston zaka 70.

Mwa ophunzira 268 aja, 54 anabvutikapo ndi mowa nthawi ina ya moyo wao. Mwa a m'makomboni 456, anabvutika ndiwo 140. Sukulu siinachinjirize munthu.

AKAPOLO A MOWA ANATHA BWANJI?

Madotolo asiyanitsa mitundu iwiri ya kumwa koipa. Pali munthu amene mowa umlakwitsa: ajomba ku nchito Lolemba, akangana ndi mkazi, agwidwa ndi apolisi kamodzi kapena kawiri. Palinso wina amene wafika pa ukapolo weniweni: manja ace anjenjemera m'mawa, amwa kuti acotse matsire, afuna mowa wocuruka kuti aledzere, ndipo akayamba sakhoza kuleka kufikira ndalama kapena mowa utatha.

Mwa akapolo otere a ku Boston, Vaillant anatsata 72 kufikira zaka 70. Pofika msinkhu umenewo 39 anali atamwalira. Amuna 23 anali atalekeratu mowa. Amuna 9 anali cimwerebe mwa ucidakwa. Ndipo amene anabwerera ku kumwa pang'ono mwa ulemu, nakhazikika m'menemo, anali mmodzi yekha.

Werengani kaciwiri, abale: mmodzi mwa 72.

Mwa a ku Harvard akapolo otere anali 19. Anamwalira 11, analekeratu 4, anali cimwerebe 2, ndipo 2 analikumwa pang'ono. Cotero nkhalamba ya zaka 70 imene iri kapolo wa mowa siipezeka kawirikawiri, popeza ukapolo umenewu utha mwa njira ziwiri: munthu aleka, kapena aikidwa m'manda. Tisaiwale kuti zidakwa zambiri zinalikusutanso fodya kwambiri, ndipo fodyayo anathandiza mowa kufupikitsa masiku ao.

Cina cimene cinadabwitsa ndi ici. Pa zaka 60, mwa osauka a ku Boston amene anabvutikapo ndi mowa, 30 mwa 100 anali ataleka. Mwa ophunzira a ku Harvard analeka ndi 11 okha mwa 100, ndipo 59 mwa 100 anali cimwerebe moipa. Wosauka mowa unamgwetsa msanga ndi kolimba: nchito inatha, nyumba inatha, ndipo anaona yekha kuti njira yatsekeka. Wolemera anali naco cobisira manyazi ace, ofesi ya iye yekha ndi ndalama zolipira zimene waononga, motero anamwa zaka makumi awiri kapena atatu osagwa ndiponso osacira. Ife tiganiza kuti uyu ndiye womvetsa cisoni koposa, pakuti palibe tsiku limene anthu anamuuza coona.

ODWALA ASANU NDI AWIRI A KU LONDON

Ganizo lakuti cidakwa cingaphunzire kumwa pang'ono silinayambire ku mowa kokha. Madotolo ophunzira analigwiranso. M'1962 Dr. D. L. Davies wa ku cipatala ca Maudsley mu London analemba kuti mwa odwala ace 93 a nthenda ya mowa, 7 anabwerera ku kumwa kwabwino, nakhala cotero zaka 7 kufikira 11. Nkhaniyo inamveka maiko ambiri, ndipo inautsa mkangano waukuru.

Patapita zaka, dotolo wina wa pa malo omwewo, Griffith Edwards, anafunafuna amuna 7 aja ndi abale ao ndi makalata ao a ku zipatala. M'1985 anaulula zimene anapeza: 5 a iwo anabvutika ndi mowa kwambiri, ena pa nthawi yomwe ija Davies analikulemba kuti ali bwino. Davies sananame dala. Anakhulupirira mau a odwala ace, monga momwe mkazi akhulupirira mau a mwamuna wace kufikira atapeza botolo la kacasu m'nkhokwe.

Koma tisanene moposa coona. Alipo anthu amene amwa moipa pa unyamata, nasintha pambuyo pace popanda kulekeratu, ndipo sali owerengeka. M'2001 ndi 2002 boma la America linafunsa anthu akuru 43,093 za kamwedwe kao. Mwa iwo munali 4,422 amene kale anali ndi zizindikiro za ukapolo wa mowa. Pafupifupi 18 mwa 100 anali ataleka, enanso pafupifupi 18 mwa 100 analikumwa pang'ono popanda bvuto, ndipo 25 mwa 100 anali akapolobe. Ciwerengero ici cipatsa ciyembekezo, koma cinatengedwa pa kufunsa kamodzi, ndipo akufa sanafunsidwe.

Nanga amene abwerera ku kumwa pang'ono ndi otani? Vaillant anapeza kuti ndiwo amene sanapite patali. Mnyamata amene analedzera masiku a malipiro zaka zingapo, kenaka nakwatira, nabala ana, napatsidwa udindo pa nchito, kawirikawiri acepetsa yekha. Zizindikiro zikakhala zocepa m'mbiri ya munthu, khomo la kumwa pang'ono likhala lotseguka. Zikacuruka, khomolo litsekeka, ndipo imvi sizilitsegula. Cifukwa cace munthu asadziyese ndi zaka zace, kapena ndi m'mene akumvera lero. Adziyese ndi m'mene anafikira kale. Kodi manja ananjenjemerapo? Kodi anamwapo m'mawa asanadye? Kodi anataya nchito koposa kamodzi cifukwa ca mowa? Kodi analumbira kuti amwa cikho cimodzi, nadzuka m'ngalande? Woyankha inde pa zimenezi ali m'gulu la amuna 72 aja, angakhale anasiya kalekale.

ZAKA ZISANU

Funso lina limene mabanja afunsa ndi lakuti, munthu akaleka, tiyambe liti kugona tulo? Yankho la Vaillant ndi lowawa pang'ono. Mwa amuna amene anakhala zaka ziwiri zathunthu osamwa, pafupifupi anai mwa khumi anabwereranso. Koma amene anafika zaka zisanu, obwerera anali owerengeka ndithu. Miyezi isanu ndi umodzi, imene ambiri aiyesa cipambano nayamba kuseka nayo mowa, iri ngati cimanga congomera kumene.

Kugwa kamodzi sikutanthauza kuti zonse zatha. Vaillant anatsatanso zaka 8 odwala 100 amene anagonekedwa m'cipatala cifukwa ca mowa. Pafupifupi onse, 95 mwa 100, anamwanso nthawi ina. Komabe pa kutha kwa zaka 8 zija mmodzi mwa atatu anali ataleka mokhazikika. Ambiri amene analeka, analeka atalephera kangapo.

Anthu akonda kunena kuti, "Uje amamwa cifukwa ca mabvuto." Mbiri za amuna awa zinaonetsa kuti kawirikawiri zinayenda mobwerera. Mowa ndiwo unayamba, ndipo cisoni ca mumtima, kutha kwa nchito ndi kusowa abwenzi zinadza pambuyo. Pakati pa amuna a ku Harvard, mowa ndiwo unapasula maukwati koposa cinthu cina ciri conse. Cimene cinaneneratu za ucidakwa koposa ubwana wosauka ndico kukhala ndi zidakwa pa mtundu, ndiponso mwambo wa kwao. Ana a anthu a ku Ireland anagwa mu ukapolo wa mowa kasanu ndi kawiri koposa ana a anthu a ku Italy ndi maiko oyandikana nalo. Kwa a ku Italy vinyo amwedwa pa cakudya, pamaso pa banja lonse, ndipo kuledzera ndi camanyazi. Kwa a ku Ireland a nthawi imeneyo ana analetsedwa kulawa, koma mwamuna woledzera ku nyumba ya mowa sanadzudzulidwe kweni kweni.

CIMENE CINATHANDIZA OLEKA

Amuna amene analeka mokhazikika sanali a mtima wolimba koposa anzao. Ambiri a iwo anapeza cinthu cina colowa m'malo mwa mowa, monga nchito, mapemphero kapena masewera, cakuti madzulo a Loweruka asakhale opanda kanthu. Ambiri anali ndi cowayang'anira cimene sakanatha kucinyenga: nthenda ya m'mimba yobwera akangomwa, lamulo la bwalo la milandu, kapena bwana wa pa nchito amene ananena mau otsiriza. Ena anapeza anthu atsopano owakonda, amene sanawalakwire kale. Ici ncofunika kucimvetsa, pakuti munthu akhala wa manyazi pamaso pa iwo amene anawabera ndi kuwamenya, ndipo manyaziwo amtumanso ku mowa.

Ndipo ambiri analowa m'gulu lowapatsa ciyembekezo, kaya mpingo, kaya bungwe la Alcoholics Anonymous, limene Bill Wilson ndi Dr. Bob Smith analiyamba ku Akron m'1935, m'mene zidakwa zoleka zisonkhana kulimbikitsana. Vaillant anapeza kuti zinthu ziwiri zimene zinaneneratu bwino za kuleka kokhazikika ndizo kupita ku misonkhano imeneyi ndi kukhala munthu amene anafika pa ukapolo weniweni. Amene anagwa kolimba ndiwo analeka kolimba.

Tikumbutse kuti onse 724 anali amuna, ndipo onse Azungu a ku America. Akazi sanalimo.

Kwa akuru amene akumwabe pali cinanso. Thupi la nkhalamba lisunga madzi ocepa koposa la mnyamata, cotero botolo lomwelo limene silinamgwedeze pa zaka 30 limledzeretsa pa zaka 65. Miyendo ikhala yosakhazikika, mafupa athyoka msanga, ndipo mowa ulimbana ndi mankhwala a nthenda ya shuga, a mtima ndi a tulo.

Wina akawerenga izi nafuna kuleka lero lomwe, acenjere ndi cinthu cimodzi. Munthu amene amwa kwambiri tsiku ndi tsiku, amene manja ace anjenjemera m'mawa, asaleke mwadzidzidzi ali yekha m'nyumba. Pa masiku awiri kapena atatu oyamba akhoza kugwa ngati wa khunyu, kapena kusokonezeka mutu ndi kuona zinthu zimene palibe, ndipo ena amwalira nazo. Ayambe wapita ku cipatala, nauze dotolo kucuruka kweni kweni kwa mowa umene amwa, osacepetsa. Alipo mankhwala omuolotsa masiku amenewo.